Chifukwa chiyani Pasaka sakhala pa tsiku limodzi ngati Khirisimasi?

Funso: "Ndine mlembi wa pampingo pathu, ndipo chaka chilichonse ndimayala ndondomeko ya zochitika. Khirisimasi sivuta, ndi pa 25 Disembala basi. Koma Pasaka ndimachita kudikira kuti kalendala yatsopano ituluke: mu 2024 anali pa 31 Malichi, mu 2025 pa 20 Epulo. Kodi amasankha tsikuli ndani, ndipo amatsata chiyani? Munthu wamba angathe kuliwerengera yekha? Ndamvanso kuti Akhristu a ku Ethiopia ndi ku Greece amachita Pasaka tsiku lina, ndipo Eid ya anansi athu Asilamu nayonso imasunthasuntha. Kodi zonsezi gwero lake ndi limodzi?"

Alembi, palibe munthu amene amakhala pansi chaka ndi chaka n'kusankha tsikuli. Si Papa, si sinodi, sinso osindikiza makalendala. Pali lamulo lakale lomwe limayendera masamu, ndipo inu nomwe mungathe kupeza Pasaka wa chaka chilichonse ndi pensulo ndi kapepala, ngakhale wa zaka makumi asanu kutsogoloku. Lamulolo likuti Pasaka ndi Lamulungu loyamba lotsatira mwezi wathunthu umene wagwa pa 21 Malichi kapena pambuyo pake. M'lamulo lalifupili muli zinthu zitatu zomwe siziyendera limodzi: dzuwa, mwezi, ndi sabata ya masiku 7.

Dziko limatenga masiku 365, maola 5 ndi mphindi pafupifupi 49 kuti nyengo zibwerere pamene zinayambira. Mwezi, kuchokera pamene wakhala kufika pamene ukhalenso, umatenga masiku 29, maola 12 ndi mphindi 44. Miyezi 12 yotere imakwana masiku 354 ndi maola ochepa, kutanthauza kuti imaperewera ndi masiku pafupifupi 11 kuti ifanane ndi chaka cha dzuwa. Onani mmene kupereweraku kumaonekera. Mwezi wathunthu wa Pasaka mu 2025 unali pa 13 Epulo. Wa 2026 ndi pa 2 Epulo, wa 2027 pa 22 Malichi. Ukabwereranso masiku ena 11 ufika pa 11 Malichi, koma pamenepo 21 Malichi asanakwane, ndiye umenewo sitiuwerenga, timalumphira wotsatira wake, wa pa 10 Epulo 2028. Choncho Pasaka amabwerera m'mbuyo kwa chaka chimodzi kapena ziwiri, kenako n'kulumpha kutsogolo. Kudikira Lamulungu kumawonjezeranso tsiku limodzi mpaka masiku 7. Zonsezi zikaphatikizana, Pasaka sangabwere 22 Malichi asanakwane, ndipo sangapitirire 25 Epulo. Wa pa 22 Malichi anachitika komaliza mu 1818 ndipo adzabweranso mu 2285. Wa pa 25 Epulo analipo mu 1943, ndipo akubweranso mu 2038.

Khirisimasi ilibe mavuto amenewa chifukwa inamangiriridwa pa deti la kalendala ya Aroma yoyendera dzuwa. Ku Roma ankaikumbukira kale pa 25 Disembala cha m'ma 336. Mwezi ndi tsiku la sabata zilibe mbali pamenepo.

Nanga mwezi unalowamo bwanji mu Pasaka? Unachokera kwa Ayuda. Yesu anaphedwa pa nyengo ya Pasaka wa Ayuda, ndipo pa Eksodo 12 lamulo likuti mwanawankhosa aphedwe madzulo a tsiku la 14 la mwezi woyamba, umene pambuyo pake unkatchedwa Nisani. Ayuda ankayamba kuwerenga mwezi pamene kachigawo kake kaoneka kumadzulo, choncho tsiku la 14 nthawi zonse linkafika mwezi uli wathunthu, usiku kukuwala mbee. Koma phwandoli linayeneranso kugwirizana ndi mbewu za m'munda, chifukwa pa Levitiko 23 akulamula kuti pa nyengo yomweyo apereke mtolo woyamba wa zokolola, ndipo mbewu yoyamba kucha kumeneko ndi barele. Akanangotsata mwezi wokha, pakatha zaka zochepa phwando likanafika barele akadali wamuwisi. N'chifukwa chake kalendala ya Ayuda imawonjezera mwezi wa 13 kasanu ndi kawiri pa zaka 19 zilizonse. Deti la 21 Malichi limagwira ntchito yomweyo kwa Akhristu. Limaimira tsiku limene dzuwa limadutsa pamwamba pa ikweta, usana ndi usiku n'kufanana kutalika. Kumpoto kwa dziko pamenepo chisanu chimakhala chikutha, pomwe kuno kwathu mvula imakhala ikutsazika ndipo chimanga chikukhwima.

Pali mfundo ina yomwe imatuluka pomwepa. Anthu ena amanena kuti mdima wa maola atatu umene Mauthenga Abwino amautchula pa imfa ya Yesu unali kadamsana. Kadamsana wa dzuwa amachitika mwezi ukalowa pakati pa dziko ndi dzuwa, ndipo zimenezi zimatheka mwezi uli mumdima basi. Pa Pasaka mwezi umakhala mbali inayo ya dziko. Komanso mdima weniweni wa kadamsana supitirira mphindi 7 ndi theka. Mdima umenewo, kaya munthu aumve motani, sungafotokozedwe ndi kadamsana wa dzuwa.

Akhristu oyamba sanagwirizane msanga. Mipingo ya ku Asia Minor, komwe lero ndi Turkey, inkakumbukira pa 14 Nisani penipeni, kaya likhale Lachiwiri kaya Lachisanu. Mipingo ya ku Roma ndi ku Alexandria, mzinda wa ku Egypt, inkadikira Lamulungu, tsiku la kuuka. Cha m'ma 155, Polycarp, bishopu wa ku Smyrna ku Asia Minor komweko, anapita ku Roma kukakambirana nkhaniyi ndi Anicetus, bishopu wa kumeneko. Palibe anagonja, koma anasiyana mwamtendere. Cha m'ma 190 bishopu wa ku Roma, Victor, anafuna kudula ubale ndi mipingo ya ku Asia chifukwa cha nkhani yomweyi, mpaka Irenaeus wa ku Lyon anachita kumudandaulira kuti asatero. Msonkhano wa ku Nicaea wa mu 325, umene anaitanitsa mfumu Constantine, unagamula kuti Akhristu onse azichita Pasaka tsiku limodzi ndipo asamadalire kuwerengera kwa Ayuda. Ambiri amaganiza kuti lamulo lija la mwezi wathunthu ndi 21 Malichi linalembedwa pa msonkhanowu, koma m'malamulo ake amene anasungika mulibe masamu aliwonse. Njira yowerengera inali ya akatswiri a ku Alexandria, ndipo inatenga zaka mazana kuti ifalikire. Mu 525 Dionysius Exiguus, mmonke wa ku Roma, anakonza mndandanda wa masiku a Pasaka motsata njira ya ku Alexandria, ndipo pa ntchito imeneyi ndi pamene anayambitsa kuwerenga zaka kuchokera pa kubadwa kwa Khristu, mmene timachitiramu. Ku England nkhaniyi inavuta mpaka m'nyumba ya mfumu. Bede, mmonke wolemba mbiri wa kumeneko, analemba kuti Mfumu Oswiu ya ku Northumbria inkatsata kawerengedwe ka amonke ochokera ku Ireland, pomwe mkazi wake Eanflæd ankatsata ka ku Roma, moti zinkatheka kuti mfumu yamasula kusala ndipo ikudya phwando la Pasaka, mfumukazi ili pa Lamulungu la Kanjedza ikusalabe. Anathetsa nkhaniyi pa msonkhano wa ku Whitby mu 664, posankha njira ya ku Roma.

Apa pali chinthu chomwe chimasokoneza anthu ambiri, ngakhale ophunzira. Mwezi wathunthu wa m'lamulo lija si umene mumauona kumwamba, koma wa papepala, wowerengeredwa kale. Anachita dala, ndipo ine ndimaona kuti anaganiza bwino. Nthawi imeneyo kalata yochoka ku Alexandria inkatenga masabata kuti ifike ku mipingo yakutali, ndipo anthu ankayenera kudziwa tsiku la Pasaka Lenti isanayambe. Sakanadikira kuti aone kumwamba. Anagwiritsa ntchito zimene Meton wa ku Athens anaonetsa mu 432 Khristu asanabadwe, zoti miyezi 235 imafanana ndi zaka 19, kusiyana kwake maola awiri okha. Choncho pakatha zaka 19, mwezi wathunthu umabwerera pa madeti omwe aja. Mukadziwa malo a chaka chanu mu mzungulire wa zaka 19, mwadziwa deti la mwezi.

Kawerengedwe kake ndi aka, ndipo kakugwira ntchito pa zaka zonse kuyambira 1900 mpaka 2199. Gawani chaka ndi 19 ndipo musunge yotsala. Yotsalayo muichulukitse ndi 19, muwonjezepo 24. Zimene mwapezazo muzigawe ndi 30, musungenso yotsala. Nambala yachiwiriyi ndiyo masiku amene muwerenge kuchokera pa 21 Malichi kuti mufike pa mwezi wathunthu wa Pasaka. Kenako tsegulani kalendala, mupeze Lamulungu lotsatira.

Tiyese ndi 2026. Mu 2026 muli ma 19 okwana 106, omwe ndi 2014, yotsala 12. Tikachulukitsa 12 ndi 19 tipeza 228, kuwonjeza 24 ikhala 252. Mu 252 muli ma 30 okwana 8, omwe ndi 240, yotsala 12. Kuwonjeza masiku 12 pa 21 Malichi tifika pa 33, ndipo poti Malichi ali ndi masiku 31, tichotsa 31 n'kutsala 2 Epulo. Tsikuli ndi Lachinayi, choncho Pasaka ndi Lamulungu pa 5 Epulo.

Pamene anthu amaphonya ndi apa. Kakyuleta ya pafoni sipereka yotsala. Mukagawa 2026 ndi 19 ikupatsani 106.63, ndipo wina amatenga 63 kapena 6 ngati yotsala. Tengani 106 yokha, muichulukitse ndi 19, muchotse pa chakacho. Kwina kophonya ndi pamene mwezi wathunthu wagwa pa Lamulungu penipeni. Zikatero Pasaka si tsiku lomwelo, ndi Lamulungu linalo. Ndi zimene zinachitika mu 2025: yotsala yoyamba 11, yachiwiri 23, mwezi pa 13 Epulo lomwe linali Lamulungu, Pasaka n'kupita pa 20 Epulo.

Palinso malo awiri pomwe masamuwa amafuna kukonza pang'ono. Nambala yachiwiri ikatuluka 29, muisandutse 28. Ikatuluka 28 pamene yotsala yoyamba ija yaposa 10, muisandutse 27. Izi anaziika kuti mwezi wa Pasaka usapitirire 18 Epulo, komanso kuti zaka ziwiri mu mzungulire umodzi zisagwere deti limodzi. Zaka zambiri kukonzaku sikusintha Lamulungu lake, ndiye munthu akhoza kukuiwala osavulala. Koma mu 1981, wosakonza akanapeza 26 Epulo pamene Pasaka anali pa 19 Epulo, ndipo mu 1954 akanapeza 25 Epulo m'malo mwa 18.

Musadabwenso mukaona kuti kumwamba kukunena zina. Mu 2019 dzuwa linadutsa pa ikweta pa 20 Malichi, patangotsala mphindi zochepa kuti 12 koloko ya usiku ikwane pa nthawi yathu, ndipo mwezi unakwana wathunthu m'bandakucha wa pa 21 Malichi. Kutsata kumwamba, Pasaka akanakhala pa 24 Malichi. Koma mwezi wa papepala unagwa pa 20 Malichi, kuperewera tsiku limodzi, ndiye anawerenga wotsatira wa pa 18 Epulo, Pasaka n'kukhala pa 21 Epulo. Sikunali kulakwitsa kwa osindikiza, lamulo lake ndi lomwelo.

Mukapeza Pasaka, masiku ena onse oyendayenda a pa ndondomeko yanu mwawapeza. Lachitatu Laphulusa ndi masiku 46 Pasaka asanafike. Ambiri amabwerera masiku 40 n'kufika pa Lachiwiri lolakwika, poiwala kuti masiku a Lamulungu 6 a m'kati mwa Lenti sawerengedwa ngati osala. Lamulungu la Kanjedza ndi sabata imodzi m'mbuyo. Kukwera kumwamba ndi Lachinayi, masiku 39 kutsogolo, ndipo Pentekoste ndi masiku 49 kutsogolo. Baibulo likamati masiku 40 ndi 50, limawerenga tsiku la Pasakalo ngati loyamba. Mu 2026 ndiye kuti phulusa ndi pa 18 Febuluwale, Kukwera kumwamba pa 14 Meyi, Pentekoste pa 24 Meyi. Samalani ndi chaka chimene Febuluwale ali ndi masiku 29, monga 2028, pobwerera m'mbuyo kukafuna Lachitatu Laphulusa.

Za ku Ethiopia ndi ku Greece mwamva zoona. Mipingo ya Orthodox ya ku Greece, Russia, Serbia, Egypt, Ethiopia ndi kwina imatsata lamulo lomwe lija, koma pa kalendala yakale. Kalendala ya Julius Caesar, yomwe inayamba kugwira ntchito mu 45 Khristu asanabadwe, inkawonjezera tsiku limodzi pa zaka zinayi zilizonse, ngati kuti chaka ndi masiku 365 ndi maola 6 ndendende. Pamenepo inatalikitsa chaka ndi mphindi 11. Mphindi 11 zimaoneka zochepa, koma pa zaka 128 zimakwana tsiku lathunthu. Pofika m'ma 1500, dzuwa linkadutsa pa ikweta cha pa 11 Malichi pamene mpingo unkawerengabe 21. Papa Gregory XIII, potsata ndondomeko ya dokotala Aloysius Lilius imene katswiri wa masamu Christopher Clavius anaimalizitsa, analamula kuti masiku 10 achotsedwe. Anthu a ku Italy, Spain, Portugal ndi Poland anagona Lachinayi pa 4 Okutobala 1582 n'kudzuka Lachisanu pa 15 Okutobala. Masiku a sabata sanasokonezedwe, anangolumpha madeti. Kuti vutoli lisabwerere, anaika lamulo loti chaka chothera ndi 00 chisakhale ndi 29 Febuluwale pokhapokha chikagawika ndi 400. N'chifukwa chake 1900 inalibe tsikuli, 2000 inali nalo, 2100 sidzakhala nalo. Anakonzanso mndandanda wa mwezi, womwe unali utatsetsereka ndi masiku angapo.

Mayiko amene sanali a Katolika anazengereza kulandira chinthu chochokera kwa Papa. Britain inasintha mu 1752, pamene 2 Seputembala anatsatiridwa ndi 14 Seputembala. Russia inasintha mu 1918, Greece mu 1923. Maboma anasintha, koma mipingo ya Orthodox, kupatula yochepa monga wa ku Finland, inasunga kawerengedwe kakale ka Pasaka. Lero kalendala ya Julius yatsalira ndi masiku 13, choncho 21 Malichi wawo ndi 3 Epulo wathu, ndipo mwezi wawo wa papepala umachedwa ndi masiku anayi kapena asanu poyerekeza ndi wa kumwamba. Pasaka wawo amagwa pakati pa 4 Epulo ndi 8 Meyi. Zaka zina timakumana, monga 2025 ndi 2028. Zaka zina amachedwa sabata imodzi, monga 2026 pamene wawo ndi pa 12 Epulo. Mu 2024 tinasiyana masabata asanu, ife pa 31 Malichi iwo pa 5 Meyi. Masiku 13 omwewa ndi amene amachititsa kuti ku Russia ndi ku Egypt Khirisimasi ikhale pa 7 Januwale.

Eid ili ndi nkhani yake. Kalendala ya Chisilamu imatsata mwezi wokha, miyezi 12 ya masiku 29 kapena 30, ndipo Qur'an pa sura 9 imaletsa kusuntha kapena kuwonjezera miyezi. Palibe 21 Malichi woibweza. Masiku 11 aja amangochoka chaka ndi chaka: Eid yomaliza Ramadan inali cha pa 21 ndi 22 Epulo mu 2023, cha pa 10 Epulo mu 2024, cha pa 30 ndi 31 Malichi mu 2025. Imazungulira nyengo zonse pa zaka pafupifupi 33, moti Msilamu wachikulire anasalapo m'dzinja, m'chisanu cha Juni ndi m'kutentha kwa Okutobala. Mu 2030 Ramadan idzayamba kawiri, kumayambiriro kwa Januwale ndi kumapeto kwa Disembala. Kusiyana kwina n'kwakuti Asilamu ambiri amadikira kuona mwezi ndi maso madzulo a tsiku la 29. Kachigawo ka mwezi kosakwana maola 15 chibadwire n'kovuta kwambiri kukaona, ndipo mitambo ikaphimba amakwanitsa masiku 30. Choncho Eid mungathe kuiyerekeza pasadakhale, koma tsiku lenileni limalengezedwa usiku wake, ndipo mayiko oyandikana akhoza kusiyana ndi tsiku limodzi. Pa ndondomeko yanu siyani mpata wa masiku awiri.

Anthu ayesapo kumukhazika Pasaka pamalo amodzi. Nyumba ya malamulo ya ku Britain inavomereza lamulo mu 1928 loti akhale Lamulungu lotsatira Loweruka lachiwiri la Epulo, koma mpaka lero silinayambe kugwira ntchito. Mu 1963 Msonkhano Wachiwiri wa Vatican unati sukukana Lamulungu lokhazikika, bola mipingo ina ivomereze. Mu 1997 nthumwi za mipingo zinakumana ku Aleppo, ku Syria, ndipo zinapereka ganizo loti onse asiye mindandanda yakale, atsate dzuwa ndi mwezi weniweni monga akatswiri a zakuthambo amawerengera, pa nthawi ya ku Yerusalemu. Nalonso silinatsatidwe. Kwa ine ganizo la ku Aleppo ndi lomwe lili ndi nzeru. Kuyendayenda kwa Pasaka si chilema chofuna kuchiza, chifukwa ndi kumene kumamusunga pafupi ndi mwezi wathunthu ndi Pasaka wa Ayuda kumene anachokera. Chomvetsa chisoni n'chakuti Akhristu amene amavomereza lamulo limodzi amakondwerera kuuka kumodzi pa masiku osiyana, chifukwa cha mphindi 11 za pa kalendala, pomwe ku Nicaea anasonkhana kuti zimenezi zithe.

Musanaike masamuwa pa ndondomeko ya mpingo, yesani dzanja lanu pa zaka ziwiri izi. Pa 2029 muyenera kupeza yotsala yoyamba 15, yachiwiri 9, mwezi pa 30 Malichi, Pasaka pa 1 Epulo. Pa 2030 yotsala yoyamba ndi 16, yachiwiri 28 yomwe muisandutse 27, mwezi pa 17 Epulo, Pasaka pa 21 Epulo. Zikatuluka choncho, mukhoza kulemba masiku a zaka khumi zikubwerazi pa tsamba limodzi n'kulimata m'kati mwa chikuto cha buku la mpingo.